Sikelo Ikaima: Zoyenera Kudziwa Munthu Akachitidwa Opareshoni Yochepetsa Chifu

Kuyambira kale anthu m'dziko muno akhala akuona kunenepa ngati chizindikiro cha mtendere. Mkamwini akanenepa amati mkazi wake akumusamala bwino. Mwana akabwera kuchokera kutauni ali ndi thupi, makolo amati ntchito yamuyanja. Koma a zaumoyo akhala akuchenjeza kuti thupi likapitirira muyeso limasanduka katundu wolemetsa mtima, mawondo ndi msana, ndiponso limaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidapeza kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi adali wonenepa kopitirira muyeso. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adaonetsa kuti amayi 21 mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali ndi thupi loposa muyeso, pamene m'chaka cha 1992 adali amayi 10 okha mwa 100.

Alipo anthu ena amene thupi lawo limakula kwambiri kotero kuti kusintha kadyedwe ndi kumwa mankhwala sikuwathandiza mokwanira. Ena mwa anthu otere madokotala amawachita opareshoni yochepetsa chifu. Opareshoniyi imachitika kawirikawiri m'zipatala zikuluzikulu za maiko monga South Africa, India, Britain ndi America. Popeza Amalawi ambiri amakhala kapena kukalandira chithandizo m'maiko amenewa, zimatheka kuti mbale amene wachitidwa opareshoniyi abwere kumudzi kudzapuma, ndipo chipatala chimene angathamangireko chikhale chaching'ono cha m'dera lomwelo.

Vuto limene limasautsa anthu otere ndi ili: thupi limayamba kutsika mofulumira, kenaka tsiku lina sikelo imangoima. Sabata imatha, ina imatha, muvi wa sikelo uli pomwepo. Munthu amataya mtima, naganiza kuti ndalama zake zidapita pachabe. Pamenepa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ena podzimana chakudya, ena pobwerera ku kadyedwe kakale. Chenicheni n'chakuti kuima kwa sikelo si kulephera kwa opareshoni. Ndi khalidwe la thupi la munthu aliyense amene akuchepetsa thupi, ngakhale amene sadaonepo mpeni wa dokotala.

Kodi opareshoniyi ndi yotani?

Chifu cha munthu wamkulu chimatha kulandira chakudya chokwana lita imodzi kapena kuposerapo. Pa opareshoni imene madokotala amaitcha gastric bypass, dokotala amadula chifu chakumtunda ndi kupanga kathumba kakang'ono, kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Kenaka amadula matumbo aang'ono ndi kuwalumikiza ku kathumbako. Motero chakudya chikamezedwa chimalowa m'kathumba ndi kupitirira m'matumbo, kulambalala chifu chachikulu ndi chiyambi cha matumbo. Chifu chotsalacho sichichotsedwa ayi. Chimapitiriza kutulutsa madzi ogayira chakudya, amene amakakumana ndi chakudyacho chakumunsi.

Amene adayambitsa njirayi ndi Dr. Edward Mason pamodzi ndi Dr. Chikashi Ito a pa yunivesite ya Iowa ku America, ndipo adafalitsa zotsatira za ntchito yawo m'chaka cha 1967. Dr. Mason adaona kuti anthu amene adadulidwa mbali ya chifu chifukwa cha zilonda za m'mimba sankanenepanso, ndipo adaganiza kuti zomwezo zingathandize onenepa kwambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 madokotala amaichita poboola timabowo ting'onoting'ono pamimba m'malo mong'amba mimba yonse.

Opareshoniyi imagwira ntchito m'njira zitatu. Choyamba, munthu amakhuta ndi chakudya chochepa kwambiri. Chachiwiri, timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni, timene matumbo amatumiza ku ubongo kukanena kuti mimba yakhuta, timachuluka, motero njala imachepa. Chachitatu, zina mwa zofunika za m'chakudya sizilowa m'magazi mokwanira monga kale. Njira yachitatuyi ndiyo imachititsa kuti munthu asowe mavitamini ngati sasamala.

Chifukwa chake sikelo imaima

Munthu wotsika phiri la Dedza kapena la Zomba sayenda potsetsereka pokhapokha. Pena amafika pamalo athyathyathya, nayenda kanthawi osaona kuti akutsika, koma ulendo uli m'kati. Kutsika kwa thupi kulinso chimodzimodzi, ndipo malo athyathyathyawo alipo a mitundu itatu.

Kuima koyamba kumadza msanga, kawirikawiri cha m'sabata yachitatu chichitikire opareshoni. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu imodzi ya shuga wosungidwayo imagwira pafupifupi magalamu atatu a madzi. M'masiku oyamba, pamene munthu akungomwa zamadzimadzi, thupi limadya nkhokwe imeneyi, madziwo natuluka ndi mkodzo. N'chifukwa chake sikelo imatsika modabwitsa poyamba. Pambuyo pake thupi limayamba kudzazanso nkhokweyo ndi kusunganso madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Choncho munthu angathe kutaya kilogalamu ya mafuta ndi kusunga lita ya madzi m'sabata yomweyo, sikelo osasuntha. Mchere wambiri, kudzimbidwa, ndiponso masiku oyandikira msambo kwa amayi, zonsezi zimabisanso kutsika kwa mafuta.

Kuima kwachiwiri kumadza pakapita miyezi ingapo, ndipo kungabwere kangapo. Munthu wosenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 amatha mphamvu zambiri kuposa woyenda chimanjamanja. Munthu akatsika thupi ali ngati watula thumbalo: kuyenda, kukhala, ngakhale kupuma kumene, sikufunanso mphamvu zochuluka monga kale. Chakudya chimene chinkamutsitsa thupi m'mwezi wachiwiri chingakhale chongokwanira m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Kuwonjezera apo, thupi silisiyanitsa opareshoni ndi chilala. Monga mayi wanzeru amachepetsa ufa wa m'poto mwezi wa February kuti nkhokwe ifike pa zokolola, thupi nalo likaona chakudya chachepa limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mosinira. Ndipo ngati munthu sakudya zakudya zomanga thupi zokwanira, amataya minofu pamodzi ndi mafuta. Minofu ndiyo imatha mphamvu zambiri kuposa mafuta, choncho ikachepa, kutsika kwa thupi kumachedwanso.

Kuima kwachitatu ndiko komaliza. Anthu ambiri amatsika kwambiri m'miyezi 6 yoyamba, napitirira pang'onopang'ono mpaka miyezi 12 kapena 18, pamenepo thupi limakhazikika. Kafukufuku wamkulu amene adayamba ku Sweden m'chaka cha 1987, wotsata anthu ochitidwa maopareshoni otere kwa zaka zambiri, adapeza kuti a gastric bypass adataya pafupifupi makilogalamu 32 pa makilogalamu 100 alionse m'chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo patapita zaka 10 adali atatsika ndi makilogalamu 25 pa 100 alionse. Mwachitsanzo, munthu amene adali ndi makilogalamu 120 angayembekezere kufika pa 82, kenaka kukwera pang'ono mpaka cha pa 90. Munthu wotere akamalira kuti sadafike pa 60, ndiye kuti akulirira chimene opareshoni sidamulonjeze. Cholinga chake ndi kupeputsa mtima ndi mawondo, kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, osati kubwezera munthu thupi la pa unyamata.

Pamene kuima kuli ndi chifukwa china

Kuima kwa sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu sikuyenera kudetsa nkhawa. Koma ngati m'chaka choyamba papita mwezi wathunthu kapena kuposerapo, sikelo osasuntha, zovala nazo osakhwefuka, ndi bwino kufufuza. Kawirikawiri chifukwa chimapezeka m'chikho kapena m'manja, osati m'mbale.

Kathumba ka m'mimba kamaletsa chakudya cholimba, koma zakumwa zimangodutsa ngati madzi pa lichero lobooka. Botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni aang'ono 8. Tiyi wa shuga wambiri, thobwa lothira shuga, maheu ndi mowa, zonsezi zimalowa popanda kukhutitsa. Munthu angalumbire kuti sakudya kanthu, ndipo akunena zoona, koma akumwa chakudya cha tsiku lonse.

Chachiwiri ndi kudya motolatola. Amene sangathe kumaliza mtanda umodzi wa nsima angathe kumaliza mandasi atatu, zitumbuwa ziwiri ndi chikho cha mtedza wokazinga ngati akunyema pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chachitatu ndi kumwa madzi pamodzi ndi chakudya, pakuti madzi amakokolola chakudya m'kathumba, njala nibwerera msanga. Kusagona mokwanira ndi nkhawa nazo zimautsa chilakolako cha zotsekemera.

Mankhwala ena amanenepetsa, monga prednisolone, insulin ndi ena a matenda a maganizo. Wodwala asawaleke yekha, koma afotokozere dokotala kuti aone ngati pali posintha. Nthawi zina chithokomiro chimakhala kuti sichikugwira bwino ntchito, ndipo izi zimadziwika poyeza magazi. Mwa apo ndi apo vuto limakhala pa opareshoni penipeni: kathumba kapena khomo lake latanuka, kapena patseguka kanjira pakati pa kathumba ndi chifu chakale. Zimenezi zimaoneka ndi zipangizo za ku chipatala chachikulu chokha. Masiku ano aliponso mankhwala obaya, monga semaglutide amene adavomerezedwa ku America m'chaka cha 2021 kuti azithandiza kuchepetsa thupi, amene madokotala amapereka kwa ena amene thupi lawo laima kapena layambanso kukwera. Ndi okwera mtengo, ndipo ndi dokotala yekha woyenera kuwalemba.

Zoyenera kuchita

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akwere sikelo kamodzi kokha pa sabata, sikelo yomweyo, m'mawa asanadye, ndipo namwino kapena mlangizi wa zaumoyo alembe m'buku lake la kuchipatala. Sikelo ya pamsika, ya kuchipatala ndi ya kunyumba sizinena zofanana, ndipo kuzisinthasintha kumangobweretsa chisokonezo. Akhalenso ndi chingwe choyezera mimba kamodzi pa mwezi, pamwamba pang'ono pa mchombo, ndi kumanga mfundo pamene chalekezera. Nthawi zambiri mfundo imasuntha pamene sikelo yaima, ndipo umenewo ndi umboni wakuti mafuta akuchoka.

Pa chakudya, ndiwo ziyambe, nsima itsirize. Izi ndi zosiyana ndi mwambo, umene umati nsima ndiyo chakudya ndipo ndiwo n'zongotsitsira. Koma kathumba kofanana ndi dzira kakadzaza ndi nsima, malo a zomanga thupi sakhalaponso. Madokotala amalangiza kuti munthu wotere azipeza magalamu osachepera 60 a zomanga thupi pa tsiku. Dzira limodzi limapereka pafupifupi magalamu 6, choncho mazira okha sangakwane. Pafunika kusinthasintha: usipa, matemba, utaka, chambo, nkhuku yophika mpaka kufewa, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mkaka ndi chambiko chopanda shuga. Pambuyo pake padze masamba ophika bwino monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso, ndipo potsiriza kachidutswa ka nsima ya mgaiwa kapena ka mbatata. Adye modekha, kutafuna mpaka chakudya chisalale, ndi kuleka akangomva kukhuta. Adye pa nthawi zoikika, katatu kapena monga adamuuzira dokotala, osati nthawi iliyonse imene dzanja lapeza kanthu.

Madzi aukhondo azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, osachepera lita imodzi ndi theka, koma adikire mphindi 30 atatha kudya asanamwe. Kwa sabata imodzi alembe, kapena mwana wa sukulu amulembere, chilichonse chimene chalowa m'kamwa, ngakhale nzimbe ndi tiyi wa kwa aneba. Ambiri amadabwa akawerenga pepala limenelo.

Thupi lifunikanso ntchito. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Kuyenda ndawala ndi kupalasa njinga n'kokwanira. Dokotala akaloleza kunyamula zolemera, kawirikawiri pakapita masabata 6, ntchito monga kulima, kusinja ndi kutunga madzi zimathandiza kusunga minofu.

Mavitamini ndi a moyo wonse. Chifukwa chakuti chakudya chikulambalala mbali ya chifu ndi matumbo, thupi limapereweredwa ayironi, kashiamu, vitamini B12 ndi vitamini D. Ayironi akachepa magazi amachepa. B12 akasowa miyendo imachita dzanzi ndipo mitsempha ingaonongeke osachiranso. Kashiamu akasowa mafupa amafooka. Munthu wofooka sangayende kapena kulima, motero thupi lake limaimanso. Wobwera kumudzi atenge mapiritsi okwanira masiku onse, pamodzi ndi kalata ya dokotala yofotokoza opareshoni imene adachitidwa, ndipo ayezetse magazi kamodzi pa chaka ngakhale akumva bwino.

Zoyenera kupewa

Kudzimana chakudya pofuna kukankha sikelo n'koopsa. Thupi limadya minofu yake, tsitsi limathothoka, ndipo njala ikakula munthu amathamangira zotsekemera zomwe zija. Kuthamanga sikufika.

Tiyi ndi zitsamba zogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti, zimene amati zimasungunula mafuta, zambiri zimangotsekula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimatuluka ndi madzi, osati mafuta, ndipo munthu wa chifu chaching'ono sangathe kubwezera madziwo msanga.

Mapiritsi opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin angayambitse zilonda pamene kathumba kadalumikizidwa ndi matumbo. Wodwala azinena za opareshoni yake nthawi zonse asanalandire mankhwala. Fodya naye amayambitsa zilonda zomwezo. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri kuposa kale, kotero kuti chikho chimodzi chingagwetse munthu amene kale ankamwa zitatu, ndipo ena amagwa m'chizolowezi cha uchidakwa pambuyo pa opareshoniyi.

Amayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pathupi, kuti mwana asadzakule m'thupi limene likuperewera zakudya. Thupi likatsika, kubereka kumabwerera mosayembekezera, ndipo mapiritsi akumwa a kulera sangakhale odalirika chifukwa salowa bwino m'magazi. Mayi akambirane ndi anamwino za njira ina. Mayi amene thupi lake laima ndipo msambo wasowa, ayambe wayezetsa ngati ali ndi pathupi.

Wodwala asadziyerekeze ndi mnzake. Amene adayamba ali wolemera kwambiri amataya makilogalamu ambiri. Abambo amatsika msanga kuposa amayi. Achinyamata kuposa achikulire. Ndipo odwala shuga kawirikawiri amatsika pang'onopang'ono.

Udindo wa abale

Mutu umodzi susenza denga. Pamudzi, kukana nsima kumaoneka ngati mwano, ndipo mlendo akangonyema kawiri nasamba m'manja, mayi wophika amakhumudwa. Mawu akuti "Idyani achimwene, mwaonda" kapena "Apongozi, kodi ndiwo sizidakome?" amachokera m'chikondi, koma kwa munthu wotere ndi msampha. Akadya mokakamizidwa amasanza kapena kumva ululu pachifuwa. Akadya zotsekemera, shuga amathamangira m'matumbo nthawi imodzi, munthu nachita thukuta, chizungulire, mtima kugunda ndi kutsekula m'mimba. Abale amupatse kambale kakang'ono, ndiwo zofewa, ndi kumulola kuleka pamene wakhuta.

Palinso manong'onong'o. Munthu akaonda msanga, ena amayamba kunena kuti ali ndi matenda amene akubisa kapena walodzedwa. Sikelo ikaima, omwewo amamuseka kuti adataya ndalama. Mawu otere amalowetsa munthu m'nyumba, naleka kuyenda, nayamba kudzitonthoza ndi chakudya. Wodwala amene wasowa tulo, wasiya kucheza ndi anthu, kapena akunena zakuti moyo watopa nawo, aperekezedwe kuchipatala msanga, pakuti matenda a maganizo ali ndi chithandizo.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Kuima kwa sikelo sikufuna changu, koma izi zimafuna changu: kupweteka kwambiri kwa m'mimba kosaleka kapena kobwerezabwereza, pakuti matumbo angakhale atapotana, kusanza kopitirira tsiku limodzi kapena kulephera kumeza ngakhale madzi, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, kutentha thupi ndi kugunda kwa mtima kofulumira m'masabata oyamba, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi kapena kubanika, dzanzi, kudzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kusokonezeka mutu, makamaka munthu akakhala akusanza, chifukwa ndi chizindikiro chakuti vitamini B1 watha m'thupi. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi aziyezetsa pafupipafupi, pakuti thupi likatsika muyeso wakale wa mankhwala ungakhale wochuluka, munthu nakomoka.

Phunziro kwa amene sadachitidwe opareshoni

Ambiri mwa anthu amene amadikira pa mzere wa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi sadzachitidwa opareshoni yotere, ndipo ambiri saifunikira n'komwe. Koma nawonso adauzidwa kuchepetsa thupi, ndipo nawonso amafika pamene sikelo imaima atataya makilogalamu awiri kapena atatu. Zifukwa zake ndi zomwezi, ndipo mankhwala ake ndi omwewa: kuchepetsa shuga wa m'chikho, kusiya kutolatola zokazinga, kuchulutsa ndiwo zamasamba ndi zomanga thupi, kuchepetsa mitanda ya nsima, kuyenda tsiku ndi tsiku, ndi kusataya mtima. Kutsika ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse n'kokwanira kuthandiza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa munthu wa makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu 4 mpaka 8 basi. Chingwe chija chingawathandizenso: munthu adule chingwe chofanana ndi msinkhu wake, achipinde pakati, ndipo chikalephera kuzungulira mimba, ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka.

Tsono munthu aliyense amene sikelo yake yaima, kaya adachitidwa opareshoni kaya ayi, asaweruze yekha mlandu wake kunyumba. Atenge buku lake la kuchipatala, chingwe chake ndi pepala la zimene wadya sabata imeneyo, apite nazo kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Iwo adzayeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, adzaona ngati pali chofunika kusintha, ndipo ngati nkhaniyo ndi yofunika dokotala wamkulu adzamulembera kalata yopita ku chipatala cha boma cha pafupi.